Kodi zankhaninkhani ndi ndalama zingati?

Sabata yatha ndinatsegula chisutikesi chachitsulo cha malemu agogo anga aamuna, chija anabwera nacho kuchokera ku Joni. Pansi penipeni anayalapo nyuzipepala kuti dzimbiri lisadye jekete. Pepalalo lafiira ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Dzina la nyuziyo njenjete zinadya, tsiku zinadya, chithunzi cha bwanamkubwa zinadya mpaka chipewa chomwe. Koma manambala ena onse zinawasiya ali bwinobwino. Apa ndinadziwa kuti si ine ndekha amene ndinkathawa masamu.

Nditakhala pansi n'kuyamba kutolera zotsalazo, ndinakumbuka mmene atolankhani akale ankagwirana m'khosi ndi manambala. Paja nyuzi zambiri za m'chinenero chathu zinkatenga nkhani zolembedwa kale m'Chingerezi n'kuzimasulira. Ku Northern Rhodesia boma linayambitsa Mutende mu 1936, kuno Msimbi anayamba mu 1949, Bwalo la Nyasaland ankalisindikiza ku Salisbury, ndipo ife tinakula ndi Boma Lathu, Moni ndi Odini, anzathu a ku Chipata akuwerenga Tsopano. Mawu ena onse womasulira ankawapeza. Msonkho unalipo, ndende inalipo, mvula inalipo. Koma akangofika pa nambala, pensulo inkayamba kutafunidwa.

Chifukwa chake n'chakuti ife timawerenga ndi dzanja limodzi. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, zala zatha. Kuyambira apo timakongola ku dzanja linalo: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Kenako zana, kenako chikwi. Powerenga mbuzi m'khola njira imeneyi ilibe vuto. Ikafika pa ndalama za boma, ndiye kumakhala maliro.

*

Agogowo ndiwo ankawerengera mudzi wonse nyuzi pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina anawerenga kuti kuboma kwamangidwa anthu makumi asanu ndi awiri chifukwa chosakhoma msonkho.

"Kalanga ine, anthu 70!" anatero a phunzi.

"Ayi a phunzi, ndi 52," anayankha mkulu wa mpingo. "Makumi asanu, ndiyeno anthu awiri."

"Makumi ake ndiwo asanu ndi awiri, abambo."

"Awiriwo ndi anthu."

"Awiriwo ndi makumi."

Onse ankanena zoona, ndipo ndilo tsoka lake. Timati makumi awiri, timatinso anthu awiri, kotero awiri uja sadziwika kuti mwini wake ndani. Akanakhala mbuzi mkangano sukanabuka, pakuti mbuzi ndi ziwiri. Dzuwa linapendeka anthu akukokanabe, mpaka nkhani inafika kwa amfumu. Amfumu anafwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kugamula: "Nonse mwakhoza. Anagwidwa 70, kuboma anafikako 52. Enawo anali alamu ake a mesenjala."

Mankhwala a matendawa ndi kamawu kakang'ono, mphambu. Makumi asanu ndi mphambu ziwiri ndi 52, palibenso zokokana. Ena ankagwiritsa ntchito kudza. Mtolankhani woiwala mphambu ankatha kupha kapena kudzutsa anthu 18 ndi cholembera chokha.

*

Ndiye pali zaka. Tayesani kunena chaka chimene dziko lino linalandira ufulu popanda kubwereka Chingerezi. Chaka cha chikwi chimodzi, mazana asanu ndi anayi, makumi asanu ndi limodzi, ndi mphambu zinayi. Pumani kaye. Masiku amenewo m'nyumba zina zosindikizira zilembo ankazitola chimodzichimodzi ndi zala kuchokera m'timabokosi, ndiye muganize nkhope ya wotchera zilembo akaona chiganizo chotero, pomwe 1964 ndi tizitsulo tinayi tokha.

Akuti wowerenga uthenga wa maliro wina, wokonda chinenero chake kwambiri, anakana kutchula zaka za gogo wina m'Chingerezi. "Malemuwa atisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, ndi mphambu zisanu ndi..." Anakhosomola, anamwa madzi, anayambiranso. Pomwe ankamaliza, adzukulu anali atagwirizana kuti gogoyo wakwanitsa 100.

Akonzi anagonja, n'kuyamba kulemba manambala momwe alili. Owerenga nawo anapeza njira yawo: chiganizo chonse m'Chichewa, koma akafika pa nambala lilime limavala tayi. Naintini sikisite folo. Mpaka lero mayi wogulitsa tomato amene sanapondeko m'kalasi amakuuza kuti mulu ndi faifi handiredi, ndipo ukamuyankha kuti mazana asanu achuluka, amakuyang'ana ngati ukulalikira.

*

Pa ndalama zing'onozing'ono atolankhani akale sankaseweretsa ngakhale kobiri. Panali mapaundi, masheleni ndi mapeni. Mapeni 12 ndiwo sheleni, masheleni 20 ndiwo paundi, kutanthauza kuti m'paundi munali mapeni 240. Amene anapeka zimenezi ayenera kuti anali ndi zala zambiri kuposa ife. Ndalama iliyonse inali ndi dzina lake. Ya mapeni atatu inali tiki, dzina lomwe ankalidziwa aliyense amene anapondako ku migodi. Ya mapeni 6 inali sikisi. Sheleni akuluakulu ena ankaitchulabe rupiya, dzina la ndalama ya ku India. Kunalinso hafukoloni, ya masheleni awiri ndi sikisi. Munthu akalipitsidwa kukhoti, nyuzi inkalemba zonse, paundi, sheleni, peni, kuti mudzi wonse udziwe kukula kwa manyazi ake.

Chovuta chinali zizindikiro. Peni ankailemba ndi chilembo d, chochokera ku dzina la ndalama yakale ya Aroma. Ndili mwana ndinafunsa agogo kuti bwanji peni ikuyamba ndi p koma akulemba d.

"Mdzukulu wanga, d ameneyo ndi ndalama."

"Nanga n ali kuti, agogo?"

"Anadula msonkho."

Msuweni wanga, atangophunzira kumene magawo kusukulu, anaona malonda a malaya olembedwa 2/6. Anatenga pensulo, anachepetsa bwinobwino monga anaphunzitsira a phunzi, n'kulengeza kuti malayawo akugulitsa gawo limodzi mwa magawo atatu. Agogo aakazi anafunsa kuti gawo lake ndi liti, chifukwa ngati ndi mkono wokha iwo sagula. Za 5/- ndiye anali ndi yankho lawo: faifiyo ndi masheleni, kamzereko ndi malo a basela.

Agogo aakaziwo nyuzi sankaikhulupirira, banki sankaikhulupirira. Peni ya nthawi ya chitaganya inali yoboola pakati, njovu ziwiri zitaimirira m'mbali mwa bowolo. Iwo ankati mzungu pa zinthu zonse zimene anachita kuno, apa pokha ndiye anaganiza bwino. Ankatunga mapeniwo pachingwe n'kumanga m'chiuno. Akati ali ndi ndalama zingati, yankho linali lakuti zafika pa mchombo.

*

Mawu amene anavulaza anthu ambiri ndi paundi. M'Chingerezi paundi ndi ndalama, paundi yomweyo ndi kulemera, ndipo womasulira anangozitenga zonse ziwiri n'kuziika m'thumba limodzi. Mitengo ya fodya, thonje ndi mtedza inkalengezedwa kuti mapeni akutiakuti pa paundi. Munthu womvera chapatali ankadabwa kuti boma layamba kugula ndalama.

Malume anga ena anamva agogo akuwerenga kuti thumba la chimanga ndi mapaundi 200. Sanadikire chiganizo chachiwiri. Usiku womwewo anatokosa nkhokwe, m'mawa thumba lili pa njinga, ulendo wa kumsika. Kalaliki anakoloweka thumba pa sikelo n'kufuula, "Mapaundi 200!" Malume anavula chipewa, anavina pang'ono, anauza anthu a pamzere kuti madzulo mowa ndi wawo. Kalaliki anawawerengera timasheleni m'dzanja.

"Achimwene, mapaundi anga aja?"

"Mwawasiya pa sikelo, bambo."

"Ndiye ndipatseni ndibwerere nawo."

Kenako kunabwera makilogalamu, thumba lija n'kukhala la makilogalamu 90, pambuyo pake la 50. Maekala anasanduka mahekitala, mamailosi makilomita, magaloni malita. Malume anafunsa ngati munda wawo wakula kapena wachepa. Atauzidwa kuti maekala asanu aja tsopano ndi mahekitala awiri, anapita kwa amfumu kukasuma kuti atatu abedwa.

Kumudzi miyeso yeniyeni sinasinthe. Chimanga ndi ngolo, dengu, ndowa. Nsalu ndi mkono kapena mkwamba. Nthochi ndi mkoko kapena phava. Nkhuni ndi mtolo, tomato ndi mulu, kachasu ndi velemoti. Mtunda uli ndi miyeso iwiri yokha: pompa, ndi apo. Pompa ndi ola limodzi. Apo nyamulani kamba.

Olemba za ulimi, monga a magazini ya Za Achikumbi, ankadziwa kuti mlimi alibe sikelo m'nyumba, choncho alangizi ankayeza zinthu ndi zomwe munthu angazigwire: bokosi la machesi, chikhatho, phazi, chitsekerero cha botolo. Ine ndimawapatsa ulemu anthu amenewo, anali aluso kuposa ambiri a ife olemba lero. Koma malume omwe aja atamva kuti feteleza ndi chitsekerero chimodzi pa phando lililonse, anamva kuti phando lililonse likufuna chitsekerero chakechake. Analowera kugolosale kukasaka zitsekerero m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Anawapeza madzulo atagona mumzere woyamba, mapando asanu ndi anayi atathiridwa mwaluso kwambiri.

*

Tsono mtolankhani yemweyo, wosataya peni pa chindapusa cha wakuba nkhuku, akafika pa zinthu zikuluzikulu ankaponya pensulo pansi n'kutola ng'oma. Anthu a pamsonkhano sankawerengedwa, ankayimbidwa. Panali makwerero ake. Pansi penipeni angapo. Kenako ambiri, ambirimbiri, gulu, khamu, khwimbi, namtindi, chinamtindi, mazanamazana, zikwizikwi, miyandamiyanda. Pamwamba pa zonse, osawerengeka, mawu oona mtima kuposa onse, chifukwa n'zoonadi kuti palibe amene anawerenga.

M'nthawi ya chipani chimodzi, msinkhu wa mlendo ndiwo unkasankha mawu. Kwa wapampando wa nthambi kunkabwera gulu. Kwa phungu khamu. Kwa nduna namtindi. Kupitirira apo, miyandamiyanda, ngakhale kugwe mvula ya matalala.

Mkulu wina amene anakalambira m'chipinda cholembera nkhani anandiuza za mnyamata watsopano pantchito amene anatumidwa kumsonkhano wa nduna. Mnyamatayo, poti sukulu inali ikadali m'mutu, anawerenga mitu n'kulemba kuti kunali anthu 43. Mkonzi anavula magalasi.

"Iwe mphwanga, unawerenga bwanji?"

"Mmodzimmodzi, bwana."

"Ana a kumbuyo unawerenga?"

"Eya, bwana."

"Nanga amene ankafuna kubwera koma anatanganidwa?"

"Iwo ayi, bwana."

"Ndiye ntchito sunaimalize. Lemba namtindi."

Sabata yotsatira mnyamata uja anatumidwa kudera kumene anthu ankagona ndi njala. Poti anali ataphunzira, analemba kuti namtindi wa anthu ulibe chakudya. Mkonzi anavulanso magalasi, ulendo uno manja akunjenjemera. "Ukufuna tonse tikagone kuti? Awa ndi mabanja ochepa chabe." Mnyamatayo anazindikira tsiku limenelo kuti anthu owomba m'manja amachulukana, anjala amachepa okha.

Ku ndalama mfumu ya mawu onse inali zankhaninkhani. Mlatho wamangidwa ndi ndalama zankhaninkhani. Sitolo yapsa, katundu wa ndalama zankhaninkhani wasakazika. Kalaliki wathawa ndi ndalama zankhaninkhani. Mawuwa ndi okoma m'kamwa, amadzaza mzere, ndipo palibe angakusumire kuti wanama. Ndinafunsa agogo kuti zankhaninkhani zimayambira pa zingati. Anati zimayambira pamene wolembayo sanazigwirepo. Ndiye poti malipiro a atolankhani timawadziwa, zinkayambira pafupi ndithu.

*

Mu 1971 paundi inatsanzika, kwacha n'kulowa. Anzathu a ku Zambia anali atasintha kale mu 1968, iwo ndi kwacha ndi ngwee. Kuno paundi imodzi inasanduka K2, sheleni inasanduka 10 tambala, sikisi 5 tambala. Nyuzi ndi wailesi zinagwira ntchito yofotokozera anthu. Agogo aamuna atamva kuti mapaundi awo 10 tsopano ndi K20, anagula nyama ya nkhumba kukondwerera kuti chuma chawo chabereka. Anakhumudwa atapeza kuti mtengo wa nyamayo nawo wabereka mapasa.

Agogo aakazi vuto lawo linali lina. Anamva kuti kumsika msoti ukugulidwa matambala makumi asanu.

"Msoti umodzi?"

"Umodzi, agogo."

"Atambala makumi asanu?"

"Eya."

"Kodi msoti wake ndi mwana wa mfumu?"

Tinayesa kuwafotokozera kuti olira m'bandakucha ndi atambala, a m'thumba ndi matambala. Iwo anati boma likanafuna mtendere likanatchula ndalamayo dzina la chinthu chimene sichidyedwa. Ndipo anthu a msinkhu wawo sanasiye kuwerenga mwakale. Zaka zambiri pambuyo pake K2 inali idakali paundi, K10 faifi paundi, 50 tambala faifi sheleni. Nyuzi inkalemba kwacha, msika unkayankhula paundi, mwana wotumidwa mchere ndiye ankakwapulidwa.

*

Miliyoni inalowa m'chinenero chathu ngati mkamwini, mwakachetechete, n'kukhazikika. Kalembera wa 1966 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 4 miliyoni. Womasulira akanati zikwi zinayi za zikwi, owerenga akanaganiza kuti makina achita chibwibwi. Anangoti mamiliyoni anayi, basi. Agogo nambalayo anaikayikira. Anati iwo okha anawerengedwa kawiri, m'mawa kwa agogo aakazi, madzulo kutsidya kwa dambo kumene ankati amakaonako msampha wa mbewa. Nkhaniyo inathera pomwepo chifukwa agogo aakazi anali pafupi ndi mthiko. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, ndiye zikuoneka kuti misampha ya mbewa inali yambiri m'dziko muno.

Biliyoni ndiye inali ndi nkhope ziwiri ngakhale kwa eni ake. Ku Britain kale biliyoni inkatanthauza mamiliyoni miliyoni, pomwe ku America inali mamiliyoni chikwi, mpaka mu 1974 pamene boma la Harold Wilson linatsata kawerengedwe ka ku America. Womasulira wa kuno akalandira nkhani yakunja yokhala ndi biliyoni sankavutika kufufuza kuti ndi ya mbali iti ya nyanja. Mukudziwa kale chimene ankalemba. Zankhaninkhani.

Ife wamba biliyoni tinaiphunzira mochedwa, mu 2013, pa sukulu ya Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ija, ndipo tinakhoza tonse popanda kubwereza. Lero mwana wa sitandade 4 amatchula mabiliyoni osaphethira, miliyoni anyamata anaichepetsa n'kukhala mita, ngati nsalu. Ndalama ya pepala ya K1,000 inatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Ndinafunsa mdzukulu wanga ngati akudziwa tambala. Anati eya, tinadya pa Khirisimasi.

*

Ziro naye anali ndi miyendo. Kachitsulo kamodzi kakagwa pansi kapena kakalowa pomwe sikanaitanidwe, mbiri ya munthu inkasintha. Nyuzi ina akuti inalemba kuti mkulu wina wamangidwa ataba mbuzi 20, chonsecho anaba ziwiri. Atatuluka kundende, mkonzi anamuitana kuti amupepese ndi kukonza cholakwikacho.

"Musakonze, bwana."

"Chifukwa?"

"Chitulukireni, kumudzi akundipatsa mpando. Apongozi akundiyankhula atagwada. Mukalemba ziwiri ndibwerera pa mphasa."

Mawu ochepetsa nawo analipo, ndipo sanafe. Mwambo ukatha, nyuzi inkati mlendo wolemekezeka anapereka kangachepe. Kangachepe ka nduna kankamanga chipinda cha sukulu. Kangachepe ka malume kanali mazira awiri, limodzi losukusa. Pakati pa awiriwa pali kenakake, kam'manja, ka sopo ndi ka fanta, ndipo onsewa sanalembedwepo m'manambala chiyambire.

A Mkonzi, pepala la agogo lija ndalibwezera m'chisutikesi. Pakona pake, pamene njenjete zinalambalala, pakuonekabe mtengo wake, 1d. Wolemba wake sindikumudziwa, koma ndikukhulupirira kuti naye ankauzidwa kuti kumapeto kwa mwezi alandira kangachepe. Ine za ndime ino musandiuze choncho. Lembani nambala, ziro aliyense akhale pamalo pake, ndipo mphambu musaiwale.